A Mateyo Atakana Ukapolo wa Nzimbe

Ndinali ndi zaka khumi, ndili giredi 4 ku Tembwe, pamene alongo anga a Mateyo anabwera kuchokera kusukulu atatupa ndi nzeru zatsopano. Iwo anali giredi 7. Aphunzitsi awo, bambo wina wochokera ku Kabwe, anali atawaphunzitsa za anthu akuda amene kalekale ankagwidwa, kulongedwa m'sitima ngati matumba a chimanga, n'kukatsitsidwa pachilumba chakutali kuti azikalima nzimbe za azungu.

Kufotokoza ankakudziwa a Mateyo, pamenepo sindingawanamizire. Anatiuza za zikoti, za masamba a nzimbe ocheka khungu, za makina ofinyira nzimbe amene akagwira chala cha munthu wotopa ankakoka mkono wonse. Anati pachilumbapo panalibe kothawira, madzi okhaokha mbali zonse. Ine ndinalira. Amama anangoti, “Mayo ine, anthu a Mulungu!”

Vuto linali lakuti nafenso tinali ndi nzimbe kudimba kwathu, m'mbali mwa kamtsinje. Atate anali kumigodi, choncho ntchito yopirikitsa anyani tinkasinthana awirife: lero a Mateyo, mawa ine, kuti wina asamajombe kusukulu masiku otsatizana.

Kutacha linali tsiku lawo, koma ndinaona akuvala yunifomu.

“Iwe, nanga kudimba?” anafunsa amama.

“Amama, nzimbe zinapha makolo athu. Ine sindine kapolo. Zambia inalandira ufulu.”

“Nanga anyani anamva kuti tinalandira ufulu?”

A Mateyo ananyamula mabuku n'kumapita. Amama, mwana ali kumbuyo, khasu lili paphewa, anacheukira ine.

Ndinapita tsiku limenelo, ndinapitanso mawa lake, masiku n'kumangopita. Dzuwa la m'chigwa chathu mukulidziwa. Ndinkakhala pachulu n'kumamenya chitini mpaka manja kuchita dzanzi, kukhosi kuli gwa. Chondinyansa kwambiri chinali madzulo. Ndikabwera ndi nzimbe ziwiri zitatu, a Mateyo ankasankha yonenepa, kuisenda ndi mano, madzi akuyenderera pachibwano, uku akupitiriza nkhani ya kuzunzika kwa akapolo.

“Si paja munati zinapha makolo?” ndinawafunsa.

“Kudya n'kwina, kulima n'kwina. Iwe sungamvetse, uli giredi 4.”

Kenako mnzanga anandiuza kuti mayeso ayandikira. Masiku amenewo malo a giredi 5 anali ochepa, ndipo wolephera mayeso a giredi 4 sukulu yake inkathera pomwepo. Ndinadandaulira amama. Anati, “Pirira, Tiyezge. Iwe ndiwe womvera, mnzakoyu ndatopa naye.” Mawu amenewo anandiwawa kuposa dzuwa. Ndiye kuti kumvera kwanga ndiko kunali mlandu wanga?

M'mawa mwake ndinasamba, ndinavala diresi la sukulu, chitini ndinachisiya pakhonde. A Mateyo anandipeza panjira.

“Iwe, manje nzimbe wasiyira ndani?”

“Imwe a Mateyo, anthu a pachilumba aja ankawafunsa ngati akufuna kulima?”

“Ayi, n'chifukwa chake unali ukapolo.”

“Nanga ine munandifunsa?”

Ndinawasiya pomwepo n'kupitiriza ulendo wa kusukulu.

Anyani anachita phwando. Madzulo amama anaima m'dimba n'kumayang'ana nzimbe zothyokathyoka, ine ndikudikira mbama. Sinabwere. Titafika kunyumba anatola chitini n'kuwapatsa a Mateyo m'manja. “Walankhula mokwana. Mpaka mlongo wako alembe mayeso, dimba ndi lako. Mbiri yakoyo ukawaphunzitse anyani.”

Mayeso ndinakhoza, ndipo ndinafika giredi 7.

Sindikunena kuti kukhala kwanga pachulu kunafanana ndi zimene anaona anthu a pachilumba aja. Ine ndinkagona kwathu, amama anga ali pafupi, ndipo panalibe wondigulitsa. Koma manje ndili ndi ana angaanga, ndazindikira kuti katundu amene munthu wakana kusenza sagwera pansi, amagwera pamutu pa wina, kawirikawiri pa uja sadziwa kukangana. Mwana wanga wamkazi ndi wofatsa ngati mmene ndinalili. Mlongo wake akayamba kundifotokozera bwinobwino chifukwa chimene sangapitire kukatunga madzi, ndimamumvetsera mpaka amalize, kenako ndimamupatsa ndowa.