Masamba Amene Ndinadula ndi Lezala

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume anga, amene ankanyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka. Tsiku lina anathandiza mphunzitsi wina kukweza makatoni a mabuku ochokera kunja m'galimoto, ndipo mphunzitsiyo anadandaula kuti alibe munthu wowasamala. Amalume sankachedwa pakamwa. "Kunyumba kuli mwana wa mlongo wanga, analekeza Fomu 2, akungokhala," anatero. "Ndi mtsikana wa manja oyera." Sabata yotsatira ndinakwera basi ya ku Lirangwe, kupita kusukulu ya sekondale imene sindiitchula dzina.

Mphunzitsi uja anali a Makwinja, bambo wamtali wosakonda kuseka, amene ankaphunzitsa Chingerezi ndi kuyang'anira laibulale. Laibulaleyo inali chipinda chimodzi kumapeto kwa makalasi. Anandiphunzitsa kumata kathumba kapepala m'kati mwa chikuto cha buku, kulemba khadi lolowa m'kathumbamo, kumenya chidindo cha tsiku lobweza, ndi kulemba nambala pamsana pa buku kuti lisasochere pashelefu. Buku likasasuka ndinkalisoka ndi singano yaikulu ndi ulusi wolimba, n'kupaka guluu pamsana, n'kulipanikiza ndi njerwa zokulunga m'nyuzipepala mpaka liume. Tsamba long'ambika ndinkaliwongola m'mphepete ndi lezala ndi rula yachitsulo ndisanalimate. Miyendo ya mashelefu tinkaiika m'zitini za palafini chifukwa cha chiswe, moti ndinkanunkha palafini ngakhale kutchalitchi.

Mabuku ambiri a m'makatoni aja anali onena za ulimi wa tirigu ndi za nyengo ya chisanu imene mwana wa ku Lirangwe sadzaiona. Abwino enieni, a sayansi ndi mapu, anali ochepa, ndipo ankakhala m'kabati yagalasi yokhoma. Kiyi wake ankasunga ahedi. Lamulo la pasukulupo linali lakuti mabuku atsopano asagwiridwe mpaka temu yomaliza ya Fomu 4, kuopa kuti angathe msanga. Tinkawasunga ngati malaya a Khirisimasi. Ana ankangowaona pagalasi, ine n'kumapukuta galasilo m'mawa uliwonse.

Pakati pa ana a Fomu 4 panali mtsikana wina dzina lake Asiyatu, mwana wa telala wa ku Mdeka. Ankafuna kudzakhala mzamba. Bambo ake anamuuza poyera kuti mwayi ndi umodzi: akapanda kukhoza bwino mayeso, pali mwamuna wa golosale amene anafunsira kale. Panthawi yopuma ankabwera kudzaima pakabati paja, maso ali pa buku lalikulu la bayoloje la chikuto chobiriwira. Pasukulu yonse linali lokhalo lokhala ndi zithunzi zooneka bwino za m'kati mwa thupi la munthu. Mphunzitsi wawo wa phunziroli anali atasamutsidwa, ndipo amene ankagwirizira ankalumpha mutu wa uchembere chifukwa cha manyazi.

"Achemwali, simungandipemphereko kiyi?" ankandifunsa.

Ndinapemphadi. Ahedi anangomwetulira n'kunena kuti, "Mumuuze kuti kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tsiku lovuta linafika m'nyengo yozizira, kunja kuli chiperoni. M'mawa kunabwera galimoto ya boma ndi amuna awiri ovala masuti, oyendera mabuku m'masukulu. Masiku amenewo munthu wotere sumamufunsa dzina, sumamufunsanso amene wamutuma. Ahedi anabwera ndi kiyi akuthamanga. Kabati imene inakanika kutsekukira ana inatseguka mosavuta. Mmodzi wa alendowo anatenga buku lobiriwira lija, nanyowetsa chala ndi malovu, n'kuyamba kuvundukula. Atafika pa zithunzi za thupi la mayi ndi mwana ali m'mimba, anaima.

"Izi n'zolaula. Ana athu aziona zimenezi?"

"Bwana, zimabwera pamayeso," anatero a Makwinja motsitsa mawu.

"Ndafunsa za mayeso ine? Mudule mutu wonsewu. Tikupita kusukulu ina, masana tidzera pompano kudzatenga masambawo."

Anapinda ngodya ya tsamba loyamba ndi lomaliza, n'kutuluka. Ahedi anawaperekeza, osabwereranso. M'chipindamo tinatsala awiri, buku lili patebulo. Ndinapsa mtima kwambiri, koma mkwiyo wanga sunali pa alendowo okha ayi. Bukulo linali litakhala chaka chathunthu kuseri kwa galasi, ndipo chala choyamba kulivundukula chinali cha munthu wodzalidula.

A Makwinja anayang'ana pazenera mpaka galimoto itachoka. Kenako anati, "Esinati, anthu aja ati tidule. Sananene kuti tidule nthawi ino. Pitani mukamuitane mtsikana uja, munene kuti ali ndi buku lomwe sanabweze."

"Nanga anzake, aphunzitsi?"

"Kalasi yonse singasunge pakamwa. Mawa lomweli ine ndi inu tingakayankhe mlandu kutauni."

Zinandiwawa, koma ankanena zoona. Munthu sumadziwa amene angakuneneze, ngakhale pakati pa ana.

Asiyatu atabwera, tinamukhazika pansi kuseri kwa shelefu yomaliza, buku lili pamiyendo. A Makwinja anamuletsa kulemba chilichonse, chifukwa pepala likanapezeka m'chikwama chake likanatipachika tonse. "Werenga ndi maso, usunge m'mutu," anatero, n'kupita kukaphunzitsa ngati palibe chachitika. Ine ndinakokera tebulo langa pakhomo, n'kuyala guluu, ulusi ndi mabuku osasuka kuti wofuna kulowa aone kuti lero mulibe malo. Ana angapo ndinawabweza mwaukali umene sanandizolowere nawo.

Kuseri kuja ndinkangomva tsamba likutembenuka, ndi kunong'ona kwa munthu amene akubwereza mawu ovuta a Chingerezi. Nditasuzumira ndinamuona akutsata chithunzi ndi chala, kenako n'kutsinzina, n'kuchijambula ndi chala chomwecho pasimenti. Belu la chakudya linalira, iye sanadzuke. Ndinamupatsa mbatata yanga, anangoiika pambali.

Galimoto inamveka pamsewu msanga kuposa mmene tinkayembekezera. A Makwinja analowa akupuma mofulumira. "Dulani tsopano."

Ndinapita kuseri kwa shelefu n'kugwira bukulo. Asiyatu sanalisiye.

"Achemwali, chonde, chithunzi chimodzi chokha. Chomalizachi sindinachimalize."

Ndinachita kumasula zala zake chimodzichimodzi. Ndinaika buku patebulo, rula yachitsulo m'mphepete mwa msoko, n'kusiya kampata kakang'ono kuti masamba a mbali inayo asasasuke, monga mmene a Makwinja anandiphunzitsira. Lezala inali yatsopano, inadutsa mosavuta. Manja anga, amene ankalipidwa kuti azilumikiza mabuku, anagwira ntchito yaukhondo kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinadana nawo. Asiyatu anatulukira khomo lakuseri akupukuta m'maso ndi mpango wake. Alendo aja analandira masambawo, nawapinda pakati, mmodzi n'kuwaika m'thumba la jekete. Anandiyamikira kuti ndimadula mowongoka.

Buku lija linabwerera m'kabati, lopyapyala pakati. Ahedi anakhoma n'kutenga kiyi wawo.

Mayeso atafika, tsiku la bayoloje ndinalephera kugwira ntchito. Ndinangokhala pakhonde n'kumayang'ana chitseko cha holo. Ana atatuluka, Asiyatu anabwera molunjika kwa ine, nkhope ili gwa.

"Funso lija linabwera, achemwali. Anati tijambule chithunzi chomaliza chija."

"Ndiye unajambula?"

"Ndinajambula mbali imene ndinaiona. Mbali inayo ndinasiya poyera."

Zotsatira zitatuluka, anakhoza maphunziro ena onse bwino, koma bayoloje anangodutsa pang'ono, mosakwanira kusukulu ya anamwino. Chaka chisanathe ndinamva kuti ukwati unachitika ku Mdeka. Sindinapiteko, mtima sunandilole.

Ndagwira ntchito m'malaibulale a masukulu mpaka tsitsi kuchita imvi, ndipo ndakangana ndi ahedi ambiri pa nkhani imodzi yokha. Buku latsopano likafika m'mawa, ndimalimenya chidindo, kulimata kathumba, ndipo masana limakhala lili m'manja mwa mwana. Lide, lipindike, lisasuke, ndidzalisoka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Asiyatu anapempha bukulo chaka chonse, ife tinamupatsa m'mawa umodzi, ndipo chimene chinamuchepera ndi theka la chithunzi.