Oyera Mtima a Bulaza Leo

Ndinanyamuka ku Kabwata Loweruka m'mawa, mkazi wanga akukuwa pakhomo kuti ndikapeza sopo ndigule. Zaka zimenezo sopo ankapezeka mwamwayi. Koma mtima wanga unali ku Chelstone, kumene a Bulaza Leo, mzungu wa ku Canada amene anandiphunzitsa umakaniko pagalaja ya mishoni, anali gone. Asisitere owasamalira anatumiza mawu akuti mkuluyo waiwala mayina ena ake, ndipo akungolira.

Mayinawo ndinkawadziwa. Pa nkhondo yaikulu ya azungu, a Bulaza ankakhala kumchira kwa ndege yoponya mabomba, ya mainjini anayi, atagwira mfuti. Anali asanu ndi awiri m'menemo. Itawomberedwa, iwo okha ndiwo anatsika amoyo. Ndiye m'mawa uliwonse pagalaja, asanalize injini, ankagogoda boneti kawiri n'kutchula anzawo asanu ndi mmodziwo. Ife Akatolika a ku Chipata tinkayesa oyera mtima a kwawo, ndipo pa dzina lililonse tinkanong'ona kuti, "Mutipempherere." Iwo sankamva, poti mainjini aja anawagonthetsa. Patatha chaka ndinawaululira zimene tinkanong'onazo, n'kufunsa kuti mmodzi wa iwo, Mac Woyera, anafera kuti. Anaseka mpaka misozi. "Woyera? Amene uja ankandibera fodya!"

Minibasi yopita m'tauni inandidya ngwee makumi awiri. Pa Kamwala ndinaona mzere wautali wa sopo, ndinayang'ana kumbali. Pasiteshoni anyamata a chipani anafuna khadi la chipanicho, ndinaonetsa, n'kugula vitumbuwa viwiri.

Cha m'ma teni ndinakwera basi yaikulu ya ku Chelstone, ngwee makumi anayi. Tili mu Great East Road ndinayamba kuwerenga ndi zala: Tom, Andre, Mac, Peter... Dzina lachisanu linakana. Ndinabwereza, osatheka. Ndikawauza chiyani a Bulaza ngati nanenso ndataya mmodzi?

Mayi wina amene ndinakhala naye, nkhuku ili pamiyendo, anandigunda ndi chigongono.

"Ba tata, mupemphela kolona? Basi iyi ni nkhalamba, koma sizatipaya."

Asanatseke pakamwa basi inatsokomola n'kuzima, titangodutsa yunivesite. Anthu anamutembenukira mayiyo ngati ndiye wailodza.

"Kulibe makanika muno?" anafunsa kondakitala.

Ndinatsika. Inali paipi ya dizilo chabe, ndinaimanga ndi waya. Potseka, dzanja langa linagogoda lokha kawiri pachitsulo, pakamwa n'kutseguka: Tom, Andre, Mac, Peter, Gordon, Jimmy. Gordon! Anthu anaombera m'manja injini italira, osadziwa kuti ine ndikukondwera ndi zina.

Ndinatsikira pa thanki ya madzi ya ku Chelstone dzuwa lili paliwombo, n'kuyenda pansi mpaka kunyumba ya asisitere. A Bulaza ndinawapeza atatha, manja aja amene ankanyamula giyabokosi atasanduka timitengo. Pakhoma panali chithunzi chimene chinkakhala pagalaja: anyamata asanu ndi awiri akuseka pansi pa phiko la chindege chakuda. Sanandizindikire. Ndinamva chisoni kwambiri.

"Ndawasiya," ankatero. "Ndawasiyanso kachiwiri."

Ndinaika vitumbuwa patebulo, ndinagogoda chitsulo cha bedi kawiri, n'kuwerama pakhutu lawo.

"Tom!" ndinakuwa.

Milomo yawo inagwedera.

"Mutipempherere."

"Andre!"

"Mutipempherere."

Pa Mac anamwetulira, koma anayankhabe. Tinawatchula onse mpaka Jimmy, palibe anatsala, ndipo mkuluyo anagona tulo atandigwira chala chakuda ndi dizilo.

Ndinafika ku Kabwata madzulo wopanda sopo, ndipo ndinakalipiridwa mokwanira. Ndege ija sindinaionepo, ku Canada sindikudziwako. Koma mpaka lero galimoto silituluka pagalaja yanga ndisanagogode kawiri, ndipo mayina tsopano ndimatchula asanu ndi awiri.