Mayi wokweza khasu pa asetato

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha nsalu ya Pasika imene ndinalembapo mawu kutchalitchi kwathu ku Furancungo. Sinyoro Faustino, bambo wachikulire wolemba zikwangwani za masitolo, anafunsa kuti walemba ndani. Ng'ala inali itayamba kuwaphimba maso, ndipo ankafuna munthu wa dzanja losanjenjemera.

Kupatula zikwangwanizo, panali ntchito ina. Ali mnyamata, Sinyoro Faustino ankagwira ntchito ku Maputo kopanga mafilimu a zithunzi zojambula pamanja. Chithunzi chilichonse ankachijambula pa asetato, pepala loonekera ngati galasi koma lopindika, mizere ya tinta, inki yakuda, kumaso, utoto kumbuyo. Kamera ikatola mapepalawo limodzilimodzi, munthu wa pachithunzi ankaoneka akuyenda. Filimu ikatha ambiri ankatayidwa, koma iwo anasunga odzaza kasha imodzi, bokosi lake. Tsopano kunali anthu a m'tauni amene ankagula mapepala otere n'kumawapachika m'nyumba.

Anandiphunzitsa kugwira m'mphepete mokha, kusasa fumbi ndi pinseli, kaburashi kofewa, kuyala pepala lopyapyala pakati pa lililonse, ndiponso kusafikitsapo madzi. Mabowo a m'munsi ndi numeru ya pakona ndi zimene ogula amaonera kuti linalowadi mufilimu. "Uzinunkhiza," ankatero. "Likamveka fungo lowawasa la vinagire, ulichotse pa anzake. Layamba kuwonongeka."

M'nyengo ya mvula, mayi wina wa ku Tete, Dona Selesite, anasankha pa foni chithunzi cha mayi wokweza khasu. Pepala limeneli anapaka utoto ndi malemu Luwiza, akazi a Sinyoro Faustino. Bambowo analola kuligulitsa chifukwa kwathu chinyezi chikanalidya. Tsiku loti Dona Selesite abwere, nditatsegula kasha m'mawa, ndinapeza denga linadontha ndipo pepalalo lamatirana ndi la pansi pake.

"Ine sindiona, mwanawe. Ulekanitse ndiwe," anatero.

Ndinawayala pagome pafupi ndi zenera, posafika dzuwa, n'kudikira kuti aume. Kenako ndinalowetsa kapepala kolimba pakati, n'kumakankha pang'onopang'ono. Mutu unatuluka bwino, khasu nalonso. Pachitenje pokha panakana. Ndinamva kuti the, ndipo kachidutswa kofiira konga chikhadabo kanatsalira pa linzake.

Ndinatenga botolo la utoto wofiira. Iwo anamva ndikutsegula.

"Tseka botololo. Ukapakapo wako, adzadziwa ndani pamene dzanja la Luwiza linalekezera?"

Dona Selesite anatsika shapa, minibasi ya kwathu, masana, nsapato zili matope okhaokha. Sinyoro Faustino anawauza za kachidutswako asanaone n'komwe. Mayiwo anakweza pepalalo kuzenera, naliyang'ana nthawi yaitali, kumaso ndi kumbuyo.

"Palibe wakonzapo?"

"Palibe, Dona," ndinayankha.

"Ndilitenga mmene lililimu. Mundiuze dzina la amene anapaka, ndikalilembe pansi pake."

Sinyoro Faustino anatchula dzina la akazi awo lonse, mpaka la makolo. Atatero anatuluka kukakhala pakhonde, ndipo sanalowenso mpaka shapa itanyamuka.

Lero ndili ndi kamalo kanga pamsika wa Tsangano, ndimaika zithunzi m'mafelemu. Anthu amabwera ndi zithunzi za makolo awo, zina zodyeka ndi chiswe, n'kupempha kuti ndiwonjezere khutu kapena diso. Ndimasasa fumbi, n'kumata pong'ambika chakumbuyo. Koma nkhope ya munthu amene sindinamuone, sindiikapo dzanja langa.