Sopo Wanga M'manja mwa Alendo

Zaka zimenezo sopo tinkangomumvera mbiri. Akati wafika ku boma, bambo ankapalasa njinga mpaka ku Chadiza, n'kuima pamzere dzuwa lonse khadi la chipani lili m'thumba, pobwera n'kutibweretsera fumbi lokhalokha. Zovala tinkachapira masamba a mapapaya, m'mutu tinkasamba ndi chewe. Yunifolomu yanga ya Giredi 7 inali itaiwala kale mtundu umene inabwera nawo.

Chaka chomwecho pasukulu pathu panabwera aphunzitsi a sayansi, achinyamata ongochoka kumene ku koleji. Dzina lawo sinditchula, la sukuluyo sinditchulanso, poti ana awo alipo ndipo sanandilakwire. Ndinkawakhulupirira aphunzitsi amenewa kuposa munthu wina aliyense, ndipo ndikunena poyera kuti mumvetse chifukwa chake nkhaniyi imandiwawabe ndi imvi zomwe.

Tsiku loyamba la teremu yachiwiri analowa m'kalasi opanda buku.

"Teremu ino sitilemba mayeso a papepala," anatero. "Pepala limanama. Munthu amaloweza za mnzake n'kukhoza. Koma manja sanama. Gulu lililonse lipange chinthu chimene mudzi ukusowa. Tsiku lomaliza kudzabwera oyendera masukulu. Aliyense adzaimirira payekha, adzapanga ndi manja ake, adzafotokoza chimene chinakanika ndi chifukwa chake. Malikisi adzachokera pamenepo. Wopambana onse adzapita kukaonetsa ku boma."

Gulu lina linasankha kusefa madzi ndi mchenga ndi makala, lina kankhokwe kosalowa makoswe. Lathu linasankha sopo, ndipo kunena zoona ndinasankha ndine, anzanga anangogwedeza mitu. Mmodzi wa iwo anali mwana wa adokotala a pakiliniki, mnyamata wokulira m'tauni, wa Chizungu chotuluka m'mphuno. Sanali woipa mtima ayi. Koma phulusa linkamuyetsemulitsa, utsi unkamuliritsa, ndiye ntchito yake inali kukhala chapatali n'kumatiuza mayina a Chizungu a zimene ife tikuchita.

Aphunzitsi anatiuza kuti sopo ndi mafuta osakaniza ndi madzi a phulusa. Ine ndinaseka chamumtima, chifukwa madzi a phulusa ndi chidulo chomwe amayi amathira m'therere, ndipo kucheza chidulo ndinakudziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Ndinaboola chitini, ndinaika udzu pansi, phulusa pamwamba, madzi n'kumadontha. Mafuta a ng'ombe aphunzitsi anakatipemphera ku Zemba kwa anthu amene anapha ng'ombe yothyoka mwendo.

Ulendo woyamba tinaphika msuzi wonunkha umene ngakhale galu anaukana. Mafuta anayandama paokha, madzi paokha. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma aphunzitsi anasangalala ngati tapambana.

"Chakanika n'chiyani?" anandifunsa.

"Chidulo chachepa mphamvu, aphunzitsi. Ichi n'cha ndiwo."

"Ndiye udziwa bwanji kuti chakwana mphamvu?"

Sanandiuze yankho. Anangondisiya nalo funsolo, ndipo ndinayenda nalo masiku ambiri, kumunda, kuchitsime, ngakhale m'tchalitchi. Ndinayesa phulusa la nkhuni, la zitsononkho, la makoko a nsawa, la thunthu la nthochi louma. Ndinaphunzira kuwiritsa chidulocho mpaka madzi ataphwera. Tsiku lina ndinaona kuti kachidutswa ka mbatata kamamira m'chidulo chofooka koma m'chowiritsa kamayandama. Ndinapempha dzira kwa amayi, ndipo dziralo linakhala muyeso wanga: likatukula mutu pamwamba, ndiye kuti chidulo chapsa. Mchere wolimbitsira sopoyo, umenenso unkasowa, amayi anandipatsa wa m'kachikho kawo, banja lonse n'kudya ndiwo zozizira mlungu umenewo.

Chidulo champhamvu sichisewera. Chinandidya kunsi kwa zala ndi kuseri kwa manja, khungu n'kusupuka, pochira n'kusiya mawanga oyera. Aphunzitsi anagwira manja angawo n'kuwaonetsa kalasi yonse. "Mukuona? Awa ndiwo malikisi," anatero. Ine mtima unali m'malere, ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati wadya za ukwati.

Koma kunyumbako kunali nkhani ina. Thonje linali litayera m'munda, ndipo bambo, amene anali mkulu wa mpingo ndiponso munthu wosalankhula kawiri, anali atagamula kale. Mtsikana akadziwa kuwerenga kalata ndi nyimbo za m'buku, sukulu yatha. Kumunda kukusowa manja. Ndinakalirira aphunzitsi a sayansi. Loweruka lotsatira anabwera okha pakhomo pathu, anakhala pampando wa ndalema, chipewa chili pabondo.

"Bambo, mwanayu musamuchotse," anatero. "Ali ndi mutu wa sayansi, akhoza kufika ku sekondale. Musamve za ine. Mudzabwere nokha tsiku la mayeso, mudzamuone akuyankha pamaso pa akuluakulu."

Bambo anati: "Chabwino aphunzitsi, ndidzabwera. Ndikadzaona zimene mukunenazi, thonje nditola ndekha ndi amake."

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sopo wathu womaliza anauma bwino m'zitini zakale za nsomba, wotuwa ngati dothi la pachulu, koma wa thovu lenileni. Amayi anachapira yunifolomu yanga ndi kachidutswa kena, ndipo anansi anabwera kudzaonerera thovulo ngati kwabadwa mwana.

Tsiku la mayeso ndinafika m'mamawa. Ndinayala zonse patebulo lathu: zitini za phulusa la mitundumitundu, dzira, mphika, mthiko, ngakhale msuzi wolephera uja ndinali nditaupanganso dala kuti ndidzaonetse pamene tinalakwa. Ndikukonza choncho, ahedi anatulukira ali thukuta. Akazi awo anali atapita ku maliro ku Zingalume, ndipo panalibe wophikira alendo. Ankafuna mtsikana waukhondo, wodziwa ulemu, wosati wa manja lende.

Amene anatchula dzina langa anali aphunzitsi a sayansi.

"Pita ukathandize," anandinong'oneza. "Ikakwana nthawi ya gulu lanu ndituma mwana adzakuitane. Usade nkhawa."

Ndinapita, ndipo ndinapita monyadira, chitsiru ine, poganiza kuti andisankha chifukwa chondidalira. Kuseri kwa nyumba ya ahedi ndinapha nkhuku, ndinasosola, ndinapeta mpunga. Ndinamva galimoto ikufika, ana akuimba nyimbo za chipani, atcheyamani a chipani akulankhula mpaka nkhuku inafewa. Kenako kunayamba kumveka kuomba m'manja, gulu ndi gulu. Maso anga anali panjira yochokera kukalasi. Mwana aliyense wodutsa, mtima unkagunda kuti ndi wanga uyu, koma onse ankapita kuchimbudzi. Maganizo othamangira komweko anandibwerera, sindikana. Koma ndani amasiya mphika wa alendo pamoto atatumidwa ndi ahedi? Ndiponso munthu anali atalonjeza.

Kuomba m'manja kwakukulu kutamveka, phokoso linatha. Posakhalitsa ndinaona alendo akubwera kukhonde la ahedi, makolo akuwatsatira chapatali n'kuima pansi pa mtengo wa mango. Pakati pawo panali bambo, atavala jekete lawo la kutchalitchi.

Ahedi anandikodola kuti ndibweretse madzi osamba m'manja. Ndinagwada ndi beseni ndi jagi pamaso pa oyendera masukulu, bambo wonenepa wa magalasi, wooneka wachifundo. Pamenepo aphunzitsi a sayansi anatulutsa kambale, ndipo pakambalepo panali sopo wanga, uja wosalala kuposa onse amene ndinamusunga kuti ndidzamuonetse pomaliza.

Ndinathira madzi. Mlendoyo anapaka sopoyo, thovu linatuluka mpaka m'mikono, n'kuseka mokondwa.

"Sopo weniweni uyu! Mnyamata wa adokotala uja ali ndi mutu. Kodi zoyeza ndi dzira zija anaziganiza yekha?"

"Yekha, bwana," anayankha aphunzitsi.

Ndinaphonya beseni, madzi ena anatayikira pansapato za mlendoyo. Potero maso ake anagwera pamanja anga.

"Nanga iwe mwana, manjawa wapsa ndi chiyani?"

Kwathu mwana wogwada pamaso pa akulu sathamangira kuyankha. Ndinadikira kamphindi, monga tinaleredwera, ndikuyang'ana aphunzitsi anga. Ndinkaganiza kuti nayi nthawi yawo, anena tsopano, khomo latseguka lokha.

"Ndi moto wa kukhitchini, bwana," anatero. "Atsikana athu kuno amayamba kuphika ali aang'ono."

Mlendoyo anagwedeza mutu mwachisoni, napukuta m'manja. Aphunzitsi anali akuyang'ana mbale ya mpunga. Ine ndinasuntha ndi mawondo kupita kwa atcheyamani, kenako kwa ahedi, pomaliza kwa aphunzitsi angawo. Anatambasula manja awo osalala, ine n'kuwathira madzi, iwo n'kusamba ndi sopo wanga osakweza maso. Sindinalire pamenepo.

Alendo atapita ndinawapeza aphunzitsiwo m'kalasi akulongedza sopo wotsala m'katoni yopita ku boma.

"Aphunzitsi, simunandiitane."

"Alendo anali ofulumira," anatero. "Ndiponso amafunsa m'Chizungu. Iwe ukanachita chibwibwi, sukulu yonse ikanachita manyazi. Usadandaule, malikisi ndapereka a gulu lonse, nawenso wakhoza."

"Munati aliyense payekha. Munati manja sanama."

"Iwe, usandiphunzitse ntchito."

Mawu amenewa ndiwo anali omaliza pakati pa ine ndi iwo. Patapita nthawi ndinamva kuti mnyamata uja anakaonetsa sopoyo ku boma, ndi kuti aphunzitsiwo anawasamutsira kusukulu ya m'tauni, kumene ankalakalaka chifikireni kwathu. Mnyamatayo sindimusungira kanthu, anangonena zimene anauzidwa kunena. Amene anandidyera masuku pamutu ndi munthu amene anandiphunzitsa kufunsa kuti chakanika n'chiyani, amene anagwira manja anga pamaso pa kalasi n'kuwatcha malikisi. Akanakhala mphunzitsi waulesi wongolemba pabolodi, bwenzi nditaiwala kalekale.

Madzulo a tsikulo ndinabwerera kumudzi ndi bambo. Iwo ankakankha njinga, ine pambuyo. Titayandikira minda ndinalephera kupirira.

"Atate, sopo uja ndinapanga ndine."

"Ndikudziwa," anayankha osatembenuka. "Phulusa lonse la pakhomo panga linathera kuti? Ndiwo zopanda mchere ndinkadya ndili m'tulo? Ndikudziwa ine, akudziwa amako, akudziwanso aphunzitsi ako."

"Ndiye mundilole nditsirize."

Anaimitsa njinga n'kundiyang'ana. Sanali okwiya. Nkhope yawo inali ya munthu amene wachititsidwa manyazi atavala jekete.

"Mwanawe, munthu uja anakhala pampando wanga, anamwa madzi a pakhomo panga. Ngati wokudziwayo wakukana iwe uli chogwada pamapazi pake, kusekondaleko akakuvomera ndani? Kusambitsa alendo m'manja amako akhoza kukuphunzitsa konkuno."

Mboni yanga inali imodzi yokha, ndipo inali itanena kale kuti manja anga anapsa ndi moto wa kukhitchini.

M'mawa mwake amayi anandipatsa thumba, ndinatsatira bambo kumunda wa thonje. Makoko a thonje louma ndi akuthwa, ndipo ankalasa pomwe paja khungu linali lisanakhwime.