Ife Sitikwera Padenga

Ndine kalipentala. Shedi yanga ili ku komboni ya Kalingalinga, m'mbali mwa msewu, pakati pa wowotcherera mageti ndi mayi wogulitsa makala. Ntchito yanga ndi yomalizitsa nyumba. Ndimapachika zitseko, kukhoma siling'i, kupanga makabati a kukhitchini, kupaka vanishi. Omanga akachoka, ife ndiye timalowa.

Sukulu ndinalekera giredi seveni. Mapepala sindiwakonda. Koma makontilakita a kumayadi, kwa anthu olemera, anayamba kukana munthu wopanda pepala la inshuwaransi ya ovulala pantchito. Ukakhala ulibe, mlonda sakutsegulira geti. Ndiye ndinapita ku ofesi ya inshuwaransi kukalembetsa.

Patapita milungu iwiri kunabwera mayi wa ku ofesiko kudzaona shedi. Anayala mpango pabenchi chifukwa cha utuchi, n'kutulutsa fomu. Anandiuza kuti akalipentala sali gulu limodzi. Pali a mipando, okhala m'shedi tsiku lonse. Pali omalizitsa m'kati mwa nyumba, amene phazi lawo limathera pa makwerero. Pali okhoma madenga, oyenda pa mapaso. Gulu lililonse lili ndi mtengo wake pachaka. La madenga ndilo lodula, chifukwa iwowo ndi amene amagwa.

"Imwe muli pati, ba kalipentala?" anandifunsa.

"Pa vitseko na siling'i."

"Padenga simukwela?"

"Ife sitikwela."

Linali bodza. Kalipentala wa kukomboni sakana ntchito. Ukamakhoma siling'i, mwini nyumba n'kukuuza kuti pamwamba pali phaso lopindika, umakwera. Ukakana, mawa aitana wina, ndipo winayo atenga ndi zitseko zomwe. Pamsewu wathu aliyense amadziwa zimenezi.

Mayiyo anachonga, ine ndinasaina. Asanachoke anati ntchito ikasintha ndikanene. Akapeza munthu akugwira ntchito ya gulu lina pamakhala chindapusa, ndipo pepala amaliimitsa mpaka nkhani itatha.

Pa fomupo ndinalemba antchito atatu. Wamkulu pa onse tinkangowaitana kuti ba mudala. Anachokera ku migodi, kumene anali kalipentala wa kampani asanachotsedwe. Ankandiposa zaka zambiri. Ankakhala ku Mtendere, zipinda ziwiri za lendi, iwo ndi akazi awo. Anagwira kwa ine zaka zisanu ndi ziwiri. Pakamwa pawo sipankatsekeka.

"Ba bwana, imwe mukhoma msomali monga mumenya kawalala," ankatero, kutanthauza mbava.

Tsiku la fomu anali kuseri akukwecha tebulo, ndipo anamva zonse. Mayi uja atangokwera galimoto, ba mudala anandiyandikira.

"Kansi ife sitikwela? Nanga uja nimaona pa malata ni mzukwa wanu?"

"Sebenzani," ndinatero.

Anaseka. Inenso ndinaseka pang'ono.

Ngozi inachitika nyengo yotentha, mvula isanayambe. Tinali m'nyumba ina kumayadi, tikusintha siling'i zipinda zitatu. Antchito ena awiri aja ndinawatuma kukagula matabwa. Madamu wa nyumbayo anali kutuluka, makiyi m'manja. Anaona imvi za ba mudala n'kuyesa kuti ndiwo bwana. Anawauza kuti pamwamba pa chipinda chogona pali phaso lodyedwa ndi chiswe. Ba mudala anati alankhule ndi ine. Madamu anati achedwa, tikambirane tokha, n'kupita.

Ba mudala anandipeza kukhitchini ndikuyeza kabati, n'kundiuza za phasolo.

"Kwelani muone," ndinawauza. "Ngati ni imodzi chabe, chinjani."

"Ba bwana, muja mwapya monga mu uvuni. Na bondo yanga iyi. Tilindile banzathu."

"Simunabwele kucheza kuno. Kwelani."

Anatenga hamala ndi tochi, n'kukwera. M'nyumbamo tinali awiri basi.

Sipanapite nthawi. Ndinamva thabwa likuthyoka, kenako chinthu cholemera chikugunda pansi. Nditalowa m'chipindamo, choyamba kuyang'ana chinali siling'i. Tinali titaikhoma dzulo lake, ndipo tsopano inali ndi dzenje. Kenako ndinayang'ana pansi. Ba mudala anali atagwera chagada pa benchi yodulirapo matabwa, n'kugubudukira pa matailosi. Sanalire. Anangoti, "Miyendo sinizimvela."

Ndinaimbira foni kontilakita amene anatipatsa ntchitoyo, ndipo tinawatengera kuchipatala pa galimoto yake. Madokotala anati msana wathyoka cham'munsi. Kuyenda kunathera pomwepo.

Ndinakhala pabenchi ya chipatala ndikuganiza. Ndikanena kuti ndinawatuma padenga, chindapusa n'changa. Andisamutsira ku gulu lodula. Pepala aliimitsa, kontilakita anditaya, ndipo ndinali nditangolonjezedwa nyumba zina ziwiri.

Pali khalidwe lina la ntchito yathu. Wantchito akakhala kumayadi, madamu amamuitanira pambali kuti amukhomere shelefu kapena khola la galu. Amagwirizana okha, bwana osadziwa. Timati ka pisiweki. Aliyense amachita, ndipo mabwana timangotseka maso. Ba mudala anachitapo kangapo. Ndiye ku ofesi ndinakanena kuti anakwera padenga pa pisiweki yawo. Ine ndinali kukhitchini, sindinadziwe kanthu.

Anatumiza mayi yemwe uja kudzafufuza. Anayamba kwa madamu. Madamu ananena kuti za phaso analankhula ndi mkulu wa imvi. Sananame. Kenako mayiyo anandiuza kuti tipitire limodzi ku Mtendere.

Ba mudala anali atatuluka m'chipatala. Anagona pa matiresi pansi, pafupi ndi chitseko kuti azipeza mphepo. M'chipindamo munkanunkha mkodzo ndi sopo. Akazi awo anandipatsa mpando wabwino, n'kundithokoza chifukwa cha thumba la ufa limene ndinatumiza. Zimene ndinanena ku ofesi anali asanazimve.

Mayi wa ku ofesi anagwada pafupi ndi matiresi.

"Ba tate, nindani anakutumani padenga?"

"Ni aba," anatero, akundiloza ndi chibwano. Anayankha mopepuka, ngati awafunsa dzina la msewu.

"Ine sininabatume," ndinatero.

Panja wina ankaitanira tomato.

"Madamu anakamba na ndani za phaso?" mayiyo anafunsanso.

"Na ine. Koma ninabauza kuti..."

"Munachitapo pisiweki kumayadi, ba bwana banu osaziba?"

Munthu wina akanakana. Iwo anali mkulu wa mpingo.

"Ninachitapo. Koma osati pa siku ija."

Anayesa kudzuka ndi zigongono. Analephera.

"Ba bwana, niyanganeni. Kambani futi muniyangana."

Ndinawayang'ana. Anthu amati zimavuta. Sizinandivute.

"Sininakutumeni, ba mudala." Kenako ndinatembenukira kwa mayiyo. "Mutu unagunda pansi. Baiwala vambili."

Akazi awo anagwira pakamwa. Ba mudala anatembenuzira nkhope kukhoma. Kuyambira pamenepo sanandilankhulenso.

Titatuluka, mayi wa ku ofesi anandiimitsa pafupi ndi ngalande. Sanakweze mawu.

"Mvelani, ba kalipentala. Mukavomela kuti munabatuma, chilango ni chanu, koma aba bazalandila. Mwezi na mwezi, na njinga ya olemala. Mukakana, kulibe mboni ina. Ganizani bwino."

"Nakamba kale."

Anatseka fayilo.

Antchito anga awiri aja sanandifunse kanthu. Mmodzi anasiya ntchito mwezi womwewo osatsanzika. Winayo ali ndi ana asanu, ndipo ali nane mpaka lero. Siling'i ya madamu tinaikonza. Phaso lija ndinakwera ndekha Loweruka, n'kulisintha. Linali limodzi lokha.

Kalata inatuluka patapita miyezi iwiri. Inati munthuyo sanavulale pa ntchito ya bwana wake, choncho palibe chipepeso.

Akazi a ba mudala anabwera kushedi masana, kalata m'manja. Anayenda wapansi kuchokera ku Mtendere. Anali ataonda. Wowotcherera mageti anazimitsa makina kuti amve bwino. Mayi wa makala anaimirira.

Anagwada mu utuchi.

"Ba bwana, kambani chabe chazoona. Chindapusa tizathandizana. Nizagulisa bedi, bamuna banga sibagonapo futi. Nizakuchapilani, nizakupyangilani muno. Napapata."

"Nyamukani. Muchinga makasitomala."

"Muntu uja anakusebenzelani zaka seveni."

"Nenze kubalipila."

"Simuopa Mulungu?"

"Mayo, nili na vitseko vinayi vofunika mailo m'mawa."

Anakhalabe chogwada. Ine ndinatenga pulena n'kuyamba kupala. Zopala zinkagwera pa chitenje chawo. Ndinamaliza mbali imodzi ya chitseko, n'kuchitembenuza. Pamenepo anadzuka. Sanadzisase.

"Nipaseni visulo vao."

Ndinatulutsa bokosi la ba mudala. Munali sowo, matchizulo, sikweya ndi pulena yakale ya ku migodi. Kalampu imodzi inali yanga, ndinaichotsa. Anasenza bokosilo pamutu. Atafika pamsewu analavula malovu pansi, osatembenuka.

Lendi inawakanika. Mwezi wotsatira anasamukira ku Kabanana, kwa mlongo wa akazi a ba mudala, m'chipinda chosungira makala. Ine kunalibe. Anandiuza ndi wowotcherera mageti, amene anapita kukathandiza kunyamula. Anati galimoto inalephera kulowa m'kanjira ka ku Mtendere, ndiye ba mudala anawatulutsa pa wilibala, miyendo ikulendewera, ana a m'komboni akuthamangira pambuyo. Anati njira yonse ba mudala anaphimba nkhope ndi chipewa.

Anandiuza ataima pakhomo pa shedi, akudikira kuti ndinene kanthu.

Ndinamuuza kuti andibwezere chingwe changa cha magetsi chimene anabwereka.