Zaka Ziwiri za Towela

Ba Winfrida amagulitsa nsomba pa msika wa Kafue, tebulo lachitatu kuchokera pa geti, ndipo aliyense amawadziwa chifukwa cha pakamwa pawo. Sabisa mawu. Ngakhale popemphera amakamba ndi Mulungu ngati akukamba ndi mlongo wawo. Anachoka ku Katete ali mtsikana kutsatira amuna awo amene anapeza ntchito ya njanji. Bamboyo anamwalira mwana wawo womaliza, Towela, ali ndi zaka zinayi.

Chaka chotsatira analibe womusiyira mwanayo. Nsomba zimafuna munthu alawirire ku mtsinje, akadikire mabwato, akalimbane ndi amayi anzake pa madzi. Ndiye anamugwira Towela dzanja, ulendo ku sukulu. Aphunzitsi atafunsa zaka, Ba Winfrida anati seveni. Mwana anali ndi faifi chabe, koma anali wamtali ngati bango. Anamuuza kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu agwire khutu la mbali inayo, monga amayesera ana a Giredi Wanu, iye n'kuligwira bwinobwino. Basi, analembedwa.

Zaka ziwiri zabodzazo zinalowa m'buku la sukulu, zinapita pa setifiketi, mpaka pa reji, chitupa chija cha boma. Kunyumba ankawerenga zoona. Za pa pepala, Ba Winfrida ankati ni za boma chabe, sizidya munthu.

Towela anakula ndi miyendo. Ankathamanga m'mbali mwa njanji kukafika ku Estates n'kubwerera asanavale yunifomu. Ba Harrison, mphunzitsi wa masewera, anamuona, anamufunsa zaka, iye anatchula zoona za kunyumba, sikisitini, mphunzitsiyo n'kulemba momwemo. Anapambana ku distirikiti, anapambana ku provinsi, mpaka anamuitana ku kampu ku Lusaka, mu timu ya dziko ya osapitirira zaka seventini. Ankakonzekera masewera a maiko a kum'mwera kwa Africa, kumene kumakhala a nkhonya, a netibo, osambira ndi othamanga. Towela wake unali mpikisano wozungulira bwalo kawiri. Anamupatsa tirakisuti yobiriwira. Amayi a mpingo anasala kudya tsiku lathunthu kupempherera ndeke yopita ku masewerawo.

Kutatsala masabata awiri, Towela anatsika minibasi masana dzuwa lili pamutu, chikwama m'manja, tirakisuti palibe. Popanga mapasipoti, akuluakulu a timu anaona reji ikuti eyitini. Anamuitana pamaso pa anzake, anamulanda zovala, anamuuza kuti apite kwawo akakalambire kumeneko.

Ba Winfrida anasiyira anzawo tebulo nsomba zikadali zaziwisi. Anakhuthula thiranki yonse pansi mpaka anapeza khadi ya ku sikelo, ija amalembapo mwana akabadwa, yothimbirira, mphemvu zitadya m'mphepete, koma tsiku ndi chidindo zikuoneka. Anaiika m'Baibulo. M'mawa anakwera minibasi ya ku Lusaka.

Anakhala pa benchi ya ku ofesi ya timu kuyambira naini mpaka dzuwa litapendeka. Wamkulu wa timuyo, bambo wamimba wovala tirakisuti yonga ija analanda mwana, anawalandira maso ali pa foni. Khadi sanaigwire n'komwe. Anati makhadi otere amawaona tsiku lililonse, makolo onse amafuna kuchepetsa zaka za ana awo.

"Ba sir, ine sininachepetse," anatero Ba Winfrida. "Ninawonjezera. Bodza ni langa, lili pa reji. Iyi khadi ndiye ikamba zoona."

Amene anali mu ofesimo anaseka. Wina anati aka n'koyamba kuona mayi akubwera yekha kudzadzinenera kuti ni wabodza, ndiye amukhulupirire pati?

Apa ndiye mutu unawatentha. Anawauza kuti atume munthu ku kiliniki ya ku Kafue akatsegule buku la chaka chimenecho. Anati ali okonzeka kugwira Baibulo pamaso pa aliyense. Anawafunsa kuti miyezi itatu yonse mwana akuwathamangira m'kampu, mapazi akutupa, maso awo anali kuti osafunsa mapepala? Bamboyo anangoti mayina anatumizidwa kale, pamalo pa Towela pali mtsikana wina, akakonze mapepala adzayesenso ulendo wina.

"Ulendo wina uti? Masewera aya abwera pakapita zaka ziwiri. Nthawi imeneyo azakhala eyitini wazoona. Mufuna nimubweze m'mimba?"

Mlonda anawagwira pa chigongono. Anamukutumula, anati asawakhudze ndi manja amene sanaberekepo, n'kutuluka okha.

Atafika kunyumba anapeza Towela atakhala pa khonde, nsapato zothamangira atazimanga zingwe n'kuzikoloweka pa msomali. Anamufotokozera zonse, osachotsapo kanthu. Mwana sanalire. Anangowayang'ana.

"Amai, zaka zanga ziwiri munazigulitsa pamodzi na nsomba."



Tsiku la mpikisanowo anakaima pa shopu ya ma TV pafupi ndi siteshoni, mamba a nsomba ali m'manja. Mtsikana amene analowa m'malo mwa Towela anafika wachisanu ndi chimodzi. Ba Harrison, amene anaima pambali pawo, anayang'ana nthawi ya amene anatenga mendulo yachitatu, n'kunena motsitsa kuti Towela anaipitirirapo kawiri ku kampu. Ba Winfrida anatukwana mokweza mpaka mwini shopu anachepetsa voliyumu.

Lamulungu lake anaimirira m'tchalitchi nthawi ya maumboni. Sanayimbe. Anauza Mulungu pamaso pa mpingo kuti ananama ndi iwo, ndiye chikwapu chikanagwa pa msana pawo, osati pa miyendo ya mwana amene anangogwira khutu atauzidwa. Anati bambo wa foni uja sanamukhululukire, ndipo sanama kuti amukhululukira, Ambuye awapatse nthawi.

Manje khadi ija ili m'pulasitiki, ndipo akuyenda nayo m'maofesi kuti reji ikonzedwe, ngakhale masewerawo anapita. Towela amawayankha akamufunsa za ndiwo ndi za madzi, basi. Nsapato zikadali pa msomali. M'mawa uliwonse asanapite ku mtsinje, Ba Winfrida amazipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, n'kuzibwezera pomwepo.