Msoti wa Kansalu Kofiira

Kwathu mwana si wa bambo wake, ndi wa malume ake. Ndikunena kwathu ku Mulanje, kumunsi kwa phiri, kumene minda ya tiyi inatipanikiza mpaka nandolo timachita kudzala m'mbali mwa njira. Mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, ndipo m'mimba mwa amayi athu wamwamuna ndinatulukamo ine ndekha. Choncho mnyamata wina wa ku Milonde atafunsira mtsikanayo, nkhani inayenera kundipeza ine mwini mbumba, ngakhale ndinali kutali ku Ulaya kumene ndimayendetsa basi.

"Achimwene, kuno kwabwera anthu," anatero mlongo wanga pafoni. "Akufuna mwana wanu."

Ndinakondwa, ndisaname. Ndinafunsa zonse zimene malume amafunsa. Mnyamatayo ankawotcherera zitsulo pamsika wa Milonde, mowa sankamwa, ndipo anadziwana kukwaya. Mtsikanayo anali atangomaliza kuphunzira zosoka pa Chitakale. Chotsala chinali chinkhoswe basi. Akuchimuna amabwera ndi tambala, ife akuchikazi timapereka msoti, nkhuku yaikazi yoti sinayambe kuikira. Malume wa uku ndi malume wa uko amasinthana nkhukuzo anthu akuona, ndipo kuyambira tsiku limenelo banjalo lili m'manja mwawo. Popanda zimenezo, kumpingo kwathu salengeza ukwati.

Tsiku lina mtsikanayo anandiimbira foni yoonana nkhope. Anali atanyamula kamsoti kamawangamawanga, atakamanga kumwendo kansalu kofiira kotsala pa zimene ankasoka.

"Amalume, uwu ndausankha ndekha. Ndaumanga kuti wina asaphe mwangozi. Mudzaupereke ndi manja anu."

"Usadandaule mwana iwe," ndinatero. "Mvula ikangotha, ndafika."

Apa ndiye pamene panali mfundo. Ndinali nditakhala m'dziko la eni lija zaka zokwanira kupempha unzika. Koma lamulo lawo limawerenga masiku amene munthu wakhala kunja kwa dzikolo, ndipo ukapyola malire, umayambiranso kudikira. Ine masiku anga ndinali nditawadya kale pa matenda a amayi ndi pamaliro awo. Munthu wodziwa malamulo amene ankandithandiza anandiuza mosapsatira kuti ndikhale pansi, ndisakwere ndege. Inu simudziwa kukhala ndi chiphaso chimene chimatha ngati sopo, kugona uli ndi mantha kuti abwana akangokwiya ubwerera kwanu chimanjamanja. Ndinali nditatopa nazo. Ndinasankha kudikira, ndipo pamenepo pokha sindikudziimba mlandu.

Mvula inatha. Alamu anga, bambo ake a mtsikanayo, anandiimbira. Ndi munthu wofatsa, wothyola tiyi kuyambira unyamata wake, ndipo polankhula nane amachita ngati akupempha moto.

"Alamu, timaganiza kuti mwina mwana wa amayi anu aang'ono aja angaimirire m'malo mwanu. Inu mungathe kumaonera pafoni."

Ha! Msuweni ayi, mbale wanga ndithu, koma munthu woti ndinkamunyamula kumsana popita kumtsinje, iye akapereke nkhuku ya mbumba yanga?

"Kodi ndafa ine?" ndinakalipa. "Kapena mwandiika kale m'manda? Mkamwini akuyamba liti kusankha ankhoswe pamudzi pa eni? Nkhuku imeneyo palibe woigwira ine ndili moyo!"

Alamu anangoti, "Pepani alamu, tamva," n'kudula. Mawu amenewo ndinawalankhula nditakhala m'basi yopanda anthu, ndikudya buledi, ndipo nditatha ndinadzimva kuti ndine mwamuna. Kumudzi anawatenga ngati lamulo.

Ndinayamba kuwerenga za mayeso a unzika. Ndinaloweza mayina a mafumu awo akalekale, mitsinje yawo, masiku awo a tchuthi, zinthu zoti ngakhale anzanga obadwira komweko sankazidziwa. Ndinakhoza. Chimanga chinacha, chinakololedwa, anthu anayamba kusosa. Kenako anandiimbira malume ake a mnyamata uja, bambo wachikulire wa mawu okoma.

"Bambo, timati timve za ulendo wanu. Tambala tinagula uja anayamba kuvutitsa anzake, ndiye tinadya, tagula wina."

Tinaseka tonse. Ine n'kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo."

"N'zoona," anayankha. "Koma anawa si nkhono."

Mapepala nditapereka, wondithandiza uja anati tsopano ndikhoza kupita kwathu sabata ziwiri n'kubwerera, palibe chingaonongeke. Izi sindinauze munthu aliyense kumudzi. Ndinkaopa ndithu, chifukwa ukalumidwa ndi njoka umathawa ndi chingwe chomwe. Koma panalinso china. Ndinkafuna kudzatsika pa Chitakale zonse zitatheka, pasipoti yatsopano ili m'thumba la jekete, anthu adzati malume a mwana uja si munthu wamba. Ndinkaliona tsikulo m'maso mwanga, mpaka nsapato zimene ndidzavale. Ndiye ndinkangoti kwatsala pang'ono. Mtsikanayo akaimba foni, sankandifunsanso za tsiku. Ankangonena kuti msoti uja wayamba kuikira, kenako kuti waswa anapiye, ndipo ine ndinkaseka n'kumati tidzapeza wina. Iye ankati ayi, ndi womwewo.

Mvula yachiwiri ili mkati, mlongo wanga anaimba. Sanandipatse moni.

"Achimwene, mwana wanu ndi woyembekezera. Kukwaya amuimitsa."

Mukuganiza kuti ndinagwira pakamwa n'kudzifunsa kuti ndachita chiyani? Ayi ndithu. Ndinalusa ngati njuchi. Ndinanyoza mnyamatayo, ndinanyoza mlongo wanga kuti salera, ndinanyoza ndi alamu omwe amene sanali n'komwe pafonipo.

"Mumuuze wowotcherera wanuyo asapondenso pakhomopo mpaka ine nditabwera! Ndidzathana naye ndekha!"

Mlongo wanga anati, "Achimwene, mubwera liti?" Ine ndinadula foni.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mnyamatayo anamvera. Akanakhala wamwano, akanabwera usana n'kumutenga mkazi wake, ine n'kukalipa mwezi umodzi, nkhani n'kutha. Koma anali woleredwa bwino. Anamva kuti mwini mbumba waletsa, ndipo sanapondepo.

Tsiku lolumbira linafika. Tinasonkhana m'holo ya boma, anthu a mitundu yosiyanasiyana, aliyense atatchena. Ndinavala suti yatsopano. Ndinaimika dzanja, ndinanena mawu amene anatiuza kunena, mayi wina wa unyolo wonyezimira m'khosi anandigwira chanza n'kundipatsa chikalata. Ndinakumbukira agogo anga aamuna amene anawoloka mtsinje wa Muloza wapansi kuchokera ku Mozambique, mtolo uli pamutu, kudzathyola tiyi. Iwo sanalumbire pamaso pa munthu, anangokwatira n'kumanga nyumba. Ndinadziuza kuti nanenso ndangochita zomwezo, kufuna pokhala. Atatha mwambo anatipatsa tiyi ndi mabisiketi. Ndinatumiza chithunzi kumudzi. Mlongo wanga anayankha kuti Mulungu ngwabwino. Mtsikanayo sanayankhe, anali ndi khanda la masabata ochepa.

Pasipoti itatuluka ndinanyamuka. Pabwalo la ndege kwathu kuno ndinaima pamzere wa alendo, ndipo wolondera zipata anaona dzina langa, n'kuona chikuto cha pasipotiyo, n'kumwetulira. "Takulandirani alendo athu. Mukhala masiku angati?" Anandifunsa m'Chichewa, ndipo ndinamuyankha m'Chichewa.

Pa Chitakale palibe anandiyang'ana kawiri. Anyamata a njinga zamoto ankangolimbirana chikwama. Nditafika pakhomo mlongo wanga analira pang'ono, alamu anandilandira chikwama. Kenako mtsikana uja anatuluka m'nyumba, mwana wamwamuna ali kumsana. Anali atawonda. Anagwada patali ndithu, monga amachitira kwa munthu wosamudziwa.

"Mwayenda bwanji amalume?"

Ndinayankha, koma maso anga anali kwina. Pafupi ndi nkhokwe panali thadzi lalikulu lamawangamawanga likupalasa ndi anapiye. Kumwendo kwake kunali kansalu kakuda ndi litsiro, kofiira kake kongotsala m'mfundo.

M'mawa mwake ndinavala suti ija. Ndinauza alamu kuti andiperekeze ku Milonde, ndikakonze zimene zinaonongeka. Ndinali nditakonza ndi mawu omwe. Ndinati ndikawakalipira pang'ono, kenako ndikawakhululukira, n'kupangana tsiku. Alamu anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma anangopita kukasamba.

Malume a mnyamata uja anatilandira bwino. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, ine n'kundipatsa mpando. Ndinalankhula mawu anga onse, iwo akungogwedeza mutu. Nditamaliza anasisita bondo.

"Bambo, mwayenda ulendo wautali, ndiye sindikuzungulitsani. Tambala tinapereka kale."

"Munapereka kuti?"

"Kutsidya, ku Mozambique. Mnyamata mutamuletsa kufika kwanu kuja, ankangokhala ngati wodwala. Anzake anamutenga kuti akagwire ntchito kumeneko, aiwaleko. Ndiye anapezako munthu." Anatsokomola. "Malume ake a mkaziyo anali pafupi."

Sananene monyoza. Akananyoza bwenzi nditapeza pogwira, chifukwa kukangana ndimakutha. Anawonjezera kuti mwanayo sakumukana, ndi magazi awo, ndipo adzamuona. Kenako anandifunsa ngati n'zoona kuti kumene ndimakhalako dzuwa limalowa anthu asanaweruke.

Pobwerera tinayenda wapansi mtunda wautali tisanapeze galimoto. Suti inandiwotcha. Ndinkadikira kuti alamu anene, andikumbutse za mkamwini ndi mudzi wa eni, anditukwane ngakhale pang'ono kuti mtima unditsike. Ndinawafunsa ngati ankadziwa. Anati ankadziwa, mudzi wonse unkadziwa, ndi mtsikana yemwe.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Tinati mumve nokha, alamu. Ife mukanati tikunama."

Tinafika dzuwa litapendeka. Mlongo wanga sanafunse kuti tayenda bwanji. Anandilowetsa m'nyumba, pa tebulo pali mbale zovundikira, mpando umodzi wokha. Ndinati ndidya ndi alamu panja, iye anati ayi, mlendo amadyera m'nyumba. Mtsikana uja analowa ndi beseni ndi jagi, anagwada, n'kundithira madzi m'manja. Mwana anali mtulo kumsana, kamutu kali pendeke.

Ndinavundukula mbale. Mpunga, ndi nkhuku yathunthu, nthutumba ili pamwamba monga amachitira polemekeza mlendo. Panja anapiye ankalira mosalekeza, uku ndi uku, ndipo mlongo wanga ankawakusira m'dengu.

Ndinayang'ana mtsikanayo. Ndinafuna kunena kuti pepa, koma kwathu malume sapepesa mwana.

"Mwana iwe, nkhuku iyi ndi iti?"

"Ndi yomwe ija, amalume." Sanakweze mawu, sanandiyang'anenso. Anakonza nsalu ya mwana paphewa. "Ndinalonjeza kuti palibe adzaigwire inu musanabwere. Mwabwera."

Anadzuka n'kutenga beseni. Atafika pakhomo anatembenuka, n'kugwadanso pang'ono.

"Mutikhululukire, nyamayo njolimba. Inakhalitsa."

Nkhuku yophera mlendo sakana. Ndinakhala ndekha m'nyumbamo, suti ili m'thupi, pasipoti ili m'thumba, ndipo ndinadya.